Mtanda Wofiira pa Nyumba ya a Efigénia

Panali munthu wina, dzina lake Damiano, sipayo, ndiye kuti msilikali wa boma la atsamunda, ku Ulongwe m'chaka cha 1969. Anali mkamwini. Munda, nyumba ndi ana ake atatu zinali m'manja mwa a Caetano, amalume a mkazi wake Carlota.

Mvula isanayambe, aboma ankayendera nyumba za pamsika. Ikapezeka yoopsa, sipayo ankajambulapo mtanda wofiira, akaidi n'kubwera kudzagwetsa. Akaidiwo sankafunsa, ankangotsata mtanda.

Chaka chimenecho kantina, kasitolo ka a Caetano pamsikapo, inapezeka ndi mng'alu wolowa dzanja. Shefe, bwana wa boma m'deralo, anapatsa Damiano chitini cha tinta, utoto wofiira wojambulira mtanda.

"Akamwini," anatero a Caetano, "mukapaka zimenezo pakhoma panga, mupitirire ndi msewu wa kwanu. Ana musiye."

"Nanga shefe, apongozi?"

"Shefe akufuna kuona fumbi basi. Mulibe maso? Makoma atha pamsika pano?"

Pafupi panali nyumba ya a Efigénia, mayi wamasiye wogulitsa nyemba. Inali ya njerwa zootcha, yopanda banga. Damiano anajambula mtanda pamenepo.

Akaidi atafika ndi mapiki, mayiyo anagwira Damiano mwendo. "Mwanawe, tandionetsa, mng'alu uli pati?"

"Mayi, lamulo sakambirana nalo," anatero, n'kuwakankha ndi bondo. Pofika masana nyumba inali pansi. Mayiyo anayamba kugona m'makonde mwa eni. A Caetano anamata mng'alu wawo ndi dothi, n'kupaka njereza.

Mu Januwale, tsiku la msika, kunagwa chimvula. Amayi ogulitsa mbatata anathawira pakhonde la kantina. Khoma linawagwera. Anafa anayi, wachinayiyo Carlota.

Shefe atafunsa, Damiano ananama kuti akaidi ndiwo anasokoneza nyumba. Akaidiwo anamenyedwa m'manja mpaka kutupa, iye ataima pomwepo.

Atachoka kumanda, a Caetano anaimirira pamaso pa anthu. "Sipayo wanji wosachenjeza ngakhale mkazi wake? Mwatiphera mwana. Nyamulani mphasa yanu. Ana ndi athu."

Damiano anatuluka m'mudzimo ana akumuyang'ana. A Efigénia anamwalira chisanu cha Juni, iye asanapepese. Lero Damiano ndi nkhalamba, ndipo akaona khoma lopakidwa njereza amadzera kutali.

Phunziro: Akakutumani kuchenjeza anthu za nyumba yoopsa, chenjezani, ngakhale mwini wake akhale apongozi anu. Mng'alu sumatidwa ndi bodza. Uzaniko ena nkhaniyi, mvula isanayambe.