Kadontho kofiira pa khadi la Maness

Panali munthu wina dzina lake Laimoni, kalaliki pa chipatala china chaching'ono m'mapiri a ku Neno, zaka zija za chipani chimodzi. Ntchito yake inali yosunga makhadi a odwala m'mabokosi a matabwa. Khadi lililonse linali ndi mizere yake: dzina, mudzi, zaka, matenda ndi mankhwala amene munthu walandira.

Tsiku lina mwana wake woyamba, Maness, wa zaka zitatu, anabayidwa jakisoni wa penisilini. Posakhalitsa milomo inatupa, mwana n'kuyamba kubanika. Mayi Stelia, namwino wa pamalopo, anamupulumutsa movutikira.

"Mwana uyu asadzabayidwenso mankhwala amenewa," anatero mayi Stelia. "Thupi lake likuwakana. Kachiwiri sitidzamubweza."

Pa khadi panalibe mzere wolembapo zoterezi. Laimoni anatenga inki yofiira n'kudontheza kadontho pa ngodya ya khadi la mwana wake. Kenako anafunsafunsa, napeza anthu ena khumi ndi mmodzi a vuto lomwelo, n'kuwaikira kadontho komweko. Akatulutsa khadi lotere, ankapita yekha kukanong'oneza wobaya jakisoni kuti asinthe mankhwala.

"Nzeru yabwino, a Laimoni, koma ili m'mutu mwanu mokha," anatero mayi Stelia. "Lembani pakhoma. Uzani aliyense wogwira makhadiwa, wotulutsa, wokopera ndi wobaya yemwe. Kadonthoka sikayankhula."

"Mayi, ndikalemba pakhoma, akuluakulu adzafunsa kuti wandilola ndani kusintha khadi la boma. Masiku ano munthu sudzionetsera."

Mantha amenewo analipodi. Koma chenicheni chinali chakuti Laimoni ankamva kukoma anthu akamati chipatala sichingayende popanda iye.

Ngakhale mkazi wake, Christobel, anamufunsapo. "Bambo a Maness, kodi mankhwala aja dzina lake n'chiyani, kuti nanenso ndizidziwa?"

"Dzina lachizungu limenelo lingokuvutani. Zonse zili pa khadi. Komanso ine ndilipo, eti?"

Patapita chaka, mayi Stelia anasamutsidwira kwina. M'dzinja lomwelo Laimoni anatumizidwa ku Blantyre kukachita maphunziro a milungu itatu. Ali komweko, kuchipatala kunafika makhadi atsopano, pamodzi ndi lamulo lakuti akale aja, amene chiswe ndi chinyezi zinali zitawaononga, akoperedwe kenako atenthedwe. Ntchitoyo anapatsidwa a Gerishon, bambo wachikulire wothandiza m'wodi, amene ankalemba bwino kuposa onse. Anakopera mzere ndi mzere, osalumpha chilembo.

Mlungu wachitatu Maness anadwala chifuwa, thupi kutentha. Christobel anamubereka mpaka kuchipatala, napeza dokotala wachilendo amene anali atangofika kumene.

"Pali mankhwala amene amamuvuta mwanayu?" anafunsa dokotalayo.

"Alipo, koma dzina sindilidziwa. Bambo ake anati zonse zili pa khadi."

Dokotala anatembenuza khadi uku ndi uku. "Palibe chenjezo lililonse apa, mayi. Ndipo ndikuona kuti penisilini analandirapo kale. Tim'patsa yemweyo."

Maness anamwalira dzuwa lisanafike paliwombo, ali m'manja mwa mayi ake.

Uthenga unam'peza Laimoni m'kalasi. Mvula inali itadula msewu, galimoto inathera panjira, ndipo mtunda wotsalawo anayenda pansi. Anafika maliro ataikidwa dzulo lake.

Atachoka kumanda anapita ku ofesi, n'kusolola khadi la mwana wake. Ngodya inali yoyera mbee.

"A Gerishon, kadontho kofiira kali kuti?"

"Kadontho kati, a kalaliki?"

"Ka pa ngodya! Pa makhadi akale!"

"Oo, timadontho tija? Ndinationa ndithu. Ndimayesa inki inakudontherani. Ndinati ndikusamalireni, mudzapeze makhadi oyera."

Laimoni atafotokoza tanthauzo lake, nkhalambayo inakhala pansi pa simenti n'kugwira mutu. "Mwana wanga, bwanji simunandiuze? Chaka chathunthu takhala tikumwera tiyi limodzi pakhonde pomwepa."

Kunyumba Christobel sanakalipe. Anali akupinda kadiresi ka Maness, ndipo osadzutsa mutu anangoti, "Ndinakufunsani dzina lake."

Apo m'pamene Laimoni anakumbukira anthu ena khumi ndi mmodzi aja. Makhadi awo akale anali phulusa. Anatenga pepala kuti alembe maina kuchokera m'mutu, koma anakumbukira asanu ndi awiri okha. Anayenda midzi yonse, kukwera ndi kutsika mapiri, kuuza aliyense dzina la mankhwalawo mpaka atalitchula yekha bwinobwino. Pakhoma la chipatala analemba tanthauzo la kadontho ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo akuluakulu atabwera kudzayendera, palibe amene anamudzudzula.

Anayi otsalawo sanawakumbukire konse. Akuti mpaka anapuma ntchito, Laimoni ankaima pakhomo la chipinda chobayira jakisoni, n'kumafunsa aliyense wolowa, "Pepani, kodi munatupapo milomo mutabayidwa?" Ena ankamuseka. Iye ankangofunsa wotsatira.

Phunziro: Mukayambitsa chinthu chatsopano pa ntchito, ngakhale kachizindikiro kakang'ono, uzani aliyense amene chidzadutse m'manja mwake, ndipo muchilembe poonekera, chifukwa tsiku lina inu simudzakhalapo. Makolo anzanga, mwana wathu akamadana ndi mankhwala, bambo ndi mayi tonse tidziwe dzina lake. Mukawerenga nkhaniyi musaisunge m'thumba. Patsirani mnzanu, muwerengerenso amene sadziwa kuwerenga, mwina mwana wina n'kupulumuka.