Chitini Chimodzi cha Madzi

Mipopi ya pa Boma la Mzimba inali itauma kwa sabata ziwiri, koma bwana ankafunabe galimoto yake ya Landilova yowala. Matthews anaiimika pamthunzi wa mango, nayamba monga anamuphunzitsira Zondwayo, dalaivala wamkulu amene anamulandira atangofika kuchokera ku Dedza.

Choyamba fumbi. Analisansa ndi nsanza youma, osatsindika, kuyambira padenga kutsika. "Ukathira madzi pafumbi waumba matope, ukakhula wakala penti," ankatero Zondwayo. Kenaka anaviika nsanza ina m'chitini, naifinya mpaka kuleka kudontha. Chitseko chimodzi, kupukuta, kuumitsa, ndiye china. Matayala pomaliza.

Pofika pagalasi lakutsogolo anaima kaye. Zondwayo ankawalitsa magalasi ndi nyuzipepala yakale, ndipo ndi nyuzipepala imene inamupititsa. Miyezi isanu yapitayo, munthu wina anatola pepala lonyowa, lokwinyika, pansi pa galimoto yomweyi. Polifunyulula, panali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Masana omwewo kunabwera amuna atatu ovala majekete, namutenga Zondwayo. Kumene ali, palibe akudziwa. Dzina lake anthu analeka kulitchula.

"Monire, adada."

Wopereka moni wa Chitumbukayo anali Kezia, mkazi wa Zondwayo, ndowa ili pamutu, kuchokera kumtsinje. Anali ataonda mpaka chitenje kumuzungulira kawiri. Nyumba ya boma anamutulutsamo, ndipo amayi amene ankaimba naye kwaya tsopano ankakhotera njira ina akamuona.

"Mayi, tulani kaye mupume," anatero Matthews.

Kezia anatula, nasuzumira m'chitini. Madzi anali atafiira. Anawatayira patsinde pa mango, nathiramo ake.

"Ayi mayi, mwachoka nawo kutali amenewa. Ana amwa chiyani?"

"Lekani. Ufa uja munatumiza tinalandira. Yewo chomene, zikomo kwambiri." Anayang'ana chitseko chowalacho. "Mukutsuka ngati iwowo. Ndikamadutsa pano ndimayesa abwera."

 Misozi ya Matthews inagwera pansanza. Chimutengereni Zondwayo, chakudya sichinkamulowa, ndipo Lamulungu lililonse ankakhala pabenchi yakumbuyo m'tchalitchi, mutu uli m'manja.

"Musalire, adada, mungandiliritse," anatero Kezia. "Paboma ponse pano ndinu nokha mumandipatsa moni dzuwa likuwala. Iwo ankanena kuti mwa inu anapeza m'bale. Mbwenu, zoonadi, sananame."

Matthews anamusenzetsa ndowa. Inali itapepuka. Kezia anayenda pang'ono, natembenuka.

"Kumtsinje ndakhala ndikuganiza. Zaka makumi awiri akutsuka magalimoto, pepala lililonse ankayamba aliyang'ana uku ndi uku. Tsiku limenelo maso awo anali kuti?"

"Ngozi, mayi," anatero Matthews, nkhope ili kugalimoto.

Kezia anagwedeza mutu, napita.

Matthews anatsala chiimire, nsanza ikudontha paphazi pake. Tsiku limenelo Zondwayo sanaikhudze n'komwe Landilova. Anali atadwala mutu, ndipo Matthews ndiye anamutsukira, mothamanga, ndi pepala loyamba limene analigwira. Amuna a majekete atafunsa kuti watsuka galimoto ndani, Zondwayo anangokhala chete. Matthews ndiye anakweza chala, namuloza.