Mwendo Umodzi Kunja kwa Mpanda

Padziko pano pali alonda, ndiye palinso a Malire. Bambo ameneyu anayamba moyo akusenza matumba pamalole, nadutsa malire a mayiko ochuluka kuposa zala zam'manja, nagona m'madoko momwe anthu amalankhula ngati akutsuka mkamwa. Kumeneko ndiko anaphunzira kumuwerenga munthu asanatsegule pakamwa. Atalembedwa ntchito yoyang'anira anyamata kunyumba yosungirako ana olakwira malamulo, nkhani za maulendozo sizinathe, mpaka anyamatawo anawapatsa dzina lomwelo.

"Ine mwana sandithawa," ankatero akudziguguda pachifuwa. "Iye akamayamba kuganiza, ine ndimakhala nditamva kale."

Tsiku lobwerera kuchokera kutchuthi, masana, a Malire sanayambire ku ofesi. Ofesi siikira mazira. Anakhotera kuseri kwa khitchini kukazonda nkhuku zawo, zomwe ankaweta pafupi ndi mpanda. Atakweza maso, anaona mnyamata atakhala pamwamba pa mpandawo, mwendo umodzi mkati, wina kunja.

Anali Mwanapiye, mnyamata wachibwibwi amene ankawasamalira nkhukuzo.

A Malire anaponya chikwama pansi. Analumpha monga ankalumphira palole ikuyenda, nagwira mwendo wamkatiwo, nakoka. Onse awiri anagwera m'bedi la kabichi. Pansi pawo panamveka kuti phwa.

Umboni unali poyera, wosafuna ngakhale magalasi. Mnyamatayo anali atavala malaya akunyumba ndi nsapato zatsopano, osati yunifolomu. M'manja anali atakumbatira chipewa chodzaza mazira okulunga m'nyuzipepala, ena akuchucha.

"Bwa-bwana, ine ndi-ndimafuna..."

"Ndikudziwa chimene umafuna. Kamba wapaulendo, eti? Wa m'khola langa lomwe?"

"A-ayi, pa-pageti..."

"Pageti pali mlonda, nchifukwa chake wasankha mpanda. Ukuganiza kuti ukuuza ndani? Ine ndinaona anthu akudutsa malire atabisala m'migolo. Tseka pakamwa."

Mwanapiye akachita mantha, mawu ankamukakamira pakhosi ngati fupa. Anatseka.

Apa ndiye mutu wa a Malire unayamba kutentha. Mbiri yawo inali itapulumuka, ndipo nkhani yoti akasimbe inali itapezeka, yonona bwino. Akanangolowa naye mu ofesi atamugwira pakolala, mawa lake nyumba yonse ikanawavulira chipewa. Koma ankadziwanso mtengo wa kuthawa. Mlandu wa mnyamatayu unali pafupi kuunikidwanso kukhoti, ndipo iwo omwe ndi amene anamuchitira umboni woti wasintha. Lipoti limodzi lokha likanamuwonjezera miyezi, mwina mpaka kumutumiza kundende ya akuluakulu, komwe mwanapiye salowa n'kutuluka ndi nthenga zake.

Anamuyang'ana. Makutu aakulu, khosi ngati la botolo, yolki ya dzira pachibwano.

"Chitsiru iwe," anatero motsitsa mawu. "Chakudya chapsa, iwe n'kumathawa mbale? Dzuka. Ine sindinaone kanthu, iwenso sunakwere kanthu."

Anamulowetsa m'chipinda chosungira katundu ngati mmene ankazembetsera zitenje pamaso pa a kasitomu pamalire. Anamupezera yunifolomu, kabudula wake wofika m'maondo. Malaya ndi nsapato anazikwirira m'thumba la chakudya cha nkhuku, chipewa cha mazira n'kuchiika pashelefu. Mnyamatayo anayesanso kutsegula pakamwa, koma chala cha a Malire chinali chitafika kale pamilomo yake.

"Kuthokoza udzathokoza utakula."

Belu lowerengera anthu linalira. Anyamata anali atandanda kale m'holo pamene awiriwo ankalowa. Onse anatembenuka. Wina anatsegula pakamwa osatseka, wina anatsina mnzake, kumbuyo kunamveka kuseka kotsekereza ndi dzanja. A Malire anazindikira msanga kuti gulu lonse linkadziwa za chiwembucho.

"Aliyense wotulutsa mawu alima dimba lonse yekha," analengeza, nakankhira Mwanapiye pamzere.

Mapewa a anyamatawo ankangogwedezeka ndi kuseka kobisa.

Mayi Mkulu, amene ankayendetsa nyumbayo, analowa magalasi ali pamphuno. Anayenda mpaka kumapeto kwa mzere akuwerenga mitu monga mwa masiku onse. Atamaliza anaima, nakwinya nkhope, nayambiranso.  A Malire anaphimba ndi dzanja banga la dzira lomwe linali pathalauza lawo, napita patsogolo mwaulemu.

"Onse alipo, mayi. Ine ndikakhala pano, mwana sasowa."

"Ndaona, bambo. Takulandirani," anatero mayiwo. "Kusowa sanasowe. Wachuluka mmodzi."

Anatsika ndi mzerewo pang'onopang'ono, akuyang'ana nkhope iliyonse, mpaka anaima pamaso pa kabudula wofika m'maondo uja. Anavula magalasi.

"Iwe, suja khoti linakumasula sabata yatha, amalume ako n'kudzakutenga? Wabwerera bwanji, ndipo wakuveka zimenezi ndani?"

Mwanapiye anapuma mozama, ndipo ulendo uno panalibe womudula mawu.

"Pa-pageti anandikaniza, mayi, akuti lero si tsiku la alendo. Ndi-ndimalowa kudzabweza mazira a bwana, aja ndinkawauza kuti akudya khoswe." Anayang'ana thalauza la a Malire. "Ndinabweretsa khumi ndi awiri, ngongole yonse. Asanu aswa okha bwanawa."