Kiyi wa Geresomo

Maness anabwerera ku ofesi ya gulu la ogulitsa nsomba ku Bangula kutada, akutukwana chamumtima. Maoda onse anali ataima. Pulogalamu ya m'detabesi, nkhokwe ya pakompyuta yosungira maoda, inkagogoda kusitolo yawo ya pa intaneti, sitolo n'kumakana, chifukwa kiyi wachinsinsi wosainira pempho lililonse anali wa Geresomo, mnzake wa pantchito amene anamira mu Shire sabata yapitayo. Maness anali atafufuta kiyiyo masana.

"Za malemu sitikhudza tisanamete, mwana iwe!" anakalipa pafoni a Paison, apampando a gululo. "Maoda akapanda kuyenda pofika mawa, ntchito yako yatha."

"Kiyi si malaya, bambo. Wakufa azitsegulabe sitolo yathu?"

Maness anadula foni. Analowetsa kiyi watsopano, natumiza pempho. Sitolo inakana. Anatumizanso akukukuta mano, inakananso.

Kenaka mizere inayamba kutsika yokha pakompyuta: lalandiridwa, lalandiridwa, lalandiridwa. Pempho lililonse linali losainidwa ndi kiyi wofufutidwa uja.

"Ndani akuseweretsa ntchito yanga?" anakuwa.

Anatembenuka. Mpando wa Geresomo, umene unali pakona chimwalirire mwini wake, tsopano unali pambali pa Maness, ukudontha madzi onunkha matope.