Ayiti Anawatsegulira Alamu Ake

"Ndati nditsegulire, iwe! Kapena makutuwo ndi a fashoni?"

Alamu anamenya desiki mpaka mawusi inagwa n'kumalendewera pa waya wake. Ayiti anaikoka n'kuibwezera pa desiki. Dzina lake lenileni pakampanipo anthu analiiwala kalekale, aliyense amangoti Ayiti poti ndi wa IT, woona za makompyuta, ngakhale alamu akewa, amuna awo a achemwali ake. Maso ake anali pa sikirini.

Zinali zoona. Akaunti ya alamu inali itadulidwa. Monga supavaiza wa mashifiti pakampani yonyamula katunduyi, mpaka dzulo amatha kutsegula failo ya wantchito aliyense: nambala ya foni, komwe munthu amakhala, siteji yomwe basi ya kampani imamutengera. Lero zero. Mu database munangolembedwa kuti asintha ndi amayi a ku HR. Polemba chifukwa, blank.

Ayiti amadziwa bwinobwino tanthauzo la zimenezi. Pakampanipa munthu samuuza kaye kuti ntchito yatha. Amayamba amudula access, kuti asafufute zinthu ndi mkwiyo, kenako ndi pomwe amamuitana ku ofesi, "khalani pansi bambo, tikambirane." Ayiti yemweyu wadulapo anthu ambiri chonchi, ena atangomupatsa kumene moni pakhonde. Koma ulendo uno a HR sanadzere kwa iye. Adula okha. Obviously, amadziwa kuti ndi pachibale.

"Mwina ndi netiweki, alamu," anatero, mawu akutuluka ngati a munthu wina.

"Netiweki ya agogo ako? Anzanga onse akulowa, ine ndekha ndiye netiweki yandida?"

"Ndikucheka."

Sikuti amacheka chilichonse. Amangoyendetsa mawusi uku ndi uku, mutu uli kwa achemwali. Nawonso amagwira pakampani pomwepa, ku risepushoni, koma chiyambire sabata yatha ali pa tchuthi. Akuti akudwala. Wayesa kuwaimbira, foni ili off. Ndiye munthu akudwala, ana ang'onoang'ono m'nyumba, kenako bambo afike madzulo atanyamula kakatoni ka zinthu za mu dirowa? 

Alamu anakoka mpando, n'kukhala. Mawu anatsika, anafewa ngati akunyengerera mwana.

"Mlamu wanga, tisabisane. Ndikudziwa kuti pali anthu sakundifuna pano. Koma iwe ndiwe wanga. CV yako anaitengera m'manja kwa abwana ndani? Tayi ya pa intaviyu ija unabweza?"

Ayiti anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. Tayiyo inalidi kwake.

"Kamphindi kochepa basi. Ndikonze shifiti ya mawa, madalaivala asasowe kolowera. Akandiitana ku ofesiko asapeze ponamizira kuti ndasiya ntchito ili pakati."

Ndiye kuti nawonso anaitulukira. Zimenezi ndi zomwe zinamupweteka kwambiri Ayiti. Munthu wamkulu, waukali chonchi, akupempha kamwana komwe anakalowetsa yekha ntchito.

Lamulo analidziwa ngati dzina lake. Zomwe a HR asintha, sugwirako. Sisitimu imasunga chilichonse, ndani wasintha, nthawi yanji, pa kompyuta iti. Akagwira, dzina lake likhala pamenepo mpaka kalekale, palibe cha sorry madam. Akhoza kunyamula kakatoni kake nayenso.

Anayang'ana kuchitseko. Pakhonde panalibe munthu, kumangomveka phokoso la pulinta yomwe imatafuna mapepala ku ofesi yoyandikana. Mu chipinda chake chopanda windo, chozizira ngati firiji chifukwa cha ma seva, thukuta linamutsika m'khosi.

Anatsegula tebulo la ma permission. Anapeza mzere wa alamu. Pomwe panali "no" analembapo "yes". Chala chinaima pamwamba pa Enter, kenako chinatsika chokha.

"Lowani pa kompyuta iyo. Koma chonde, fast fast. Ndikufuna ndibwezeretse asanaone."

"Ndiwe mwamuna, mlamu."

Alamu analemba pasiwedi ndi zala ziwiri, monga mwa nthawi zonse. Ayiti anapumira m'mwamba, n'kumaganiza kale zomwe akanene akafunsidwa. Anena kuti amatesta. Anena kuti sisitimu inabweza yokha za dzulo. Chilichonse.

Atacheuka, anaona kuti pa sikirini ya alamu panalibe mashifiti. Panali failo ya munthu mmodzi, chithunzi chili pakona, ndipo alamu amaijambula ndi foni.

"Alamu, amenewo si achemwali? Nanga adilesiyo bwanji si ya kwanu?"

"Anathawa ndi ana sabata yatha. Wakalira ku HR kuti ati ndimamumenya, anditsekere ndisadziwe komwe akubisala." Alamu anaimirira, n'kutulutsa makiyi a galimoto m'thumba.

Ayiti anadumphira pa kiyibodi, zala zikuphonya mabatani. "Alamu, dikirani kaye, tikambirane."

"Tseka ngati ukufuna. Ndaona kale."

Anatuluka, chitseko anachisiya chosatseka.