Sitika Yofiira

Wodwalayo anali atagona kale pamachira kukhomo la chipinda cha opaleshoni pamene mmisiri wa zamagetsi anatulukira ndi kachikwama kake. Namwino atangomuona anadziwa kuti tsiku lawonongeka. Palibe amene anamuitana. Makina a dayathemi anawayeza mwezi wathawu, nanga lero ankafunanso chiyani?

Anamwino onse ankamutcha kuti a Zosatheka. Anali bambo wosaseka, wosacheza, woti ngakhale amene anagwira naye ntchito zaka khumi sankadziwa ngati ali pabanja kapena amangogona m'kachipinda kake ka mawaya. Chimene ankamudziwa nacho ndi masitika ofiira a m'thumba la shati yake. Akangomata imodzi pamakina, nkhani yatha, ngakhale mumugwadire.

Koma lero silinali tsiku la masitika. Mayi wa pamachirayo anali ndi chotupa m'mimba, chozingwa ndi mitsempha ya magazi. Dokotala wodziwa kuchichotsa ankabwera kamodzi pa miyezi itatu, ndipo masana omwewo ankanyamuka. Popanda dayathemi, makina amene amawotcha mitsempha ndi magetsi kuti magazi asataike, opaleshoniyo sinali yoti n'kuyamba n'komwe. Makina anzake anafa chaka chatha.

Namwino anali atamukonza yekha mayiyo m'mawa. Anamupukuta pantchafu pomata pleti yobweza magetsi kumakina. Anamuvula ndolo ndi mapini a m'tsitsi, poti chitsulo chilichonse pathupi chimatha kutentha n'kuwotcha khungu. Pachala anangopezapo mzere wotuwa.

"Mphete ili kuti, amayi?" anafunsa namwino.

"Ndawapatsa abambo akunyumba andisungire. Zaka makumi awiri ndi zisanu isanachokepo, mwanawe. Tachita kuipaka sopo." Mayiyo anaseka pang'ono. "Akuti ndikatuluka muno andiveka okha, ngati tsiku lija."

Tsopano mankhwala ogonetsa anali atayamba kugwira, ndipo mayiyo anali atatseka maso. Mmisiri anadutsa pamachirapo nkhope ili pansi, osacheuka n'komwe. Namwino anamutsatira m'chipindamo akutafuna mkwiyo.

Mmisiri anayatsa makina n'kuzula chingwe cha pleti. Apa makina anayenera kulira, kuchenjeza kuti pleti yachoka. Anangoti zii, kanyali kobiriwira kakuyaka ngati zonse zili bwino. Anabwezera chingwecho n'kuzulanso. Zii. Anatenga chingwe china m'kachikwama, zomwezo. Anagwada pansi, kutsegula kumbuyo, kupukuta, kumanga, kuyeza ndi kamita kake. Kamitako kanaonetsa kuti magetsi akudontha mpaka kuchitsulo chakunja. Masiku onse amayeza kawiri. Lero anayeza kasanu ndi kawiri, thukuta likutsikira m'kolala, ndipo pakapita kanthawi dzanja linkapita pathumba la shati lija.

"Dzanja likumuyabwa kale," anatero namwino mumtima. "Masitika akumuitana."

Dokotala analowa manja ali m'mwamba, atavala kale magolovesi. Mmisiri anamufotokozera mwachidule. Chipangizo chakufacho chinali choitanitsa kutali, milungu isanu ndi umodzi chisanafike.

"Bambo, ola limodzi lokha," anatero dokotala. "Ndisamala. Pleti tikhala tikuiyang'ana."

"Pansi pa nsalu muiona bwanji, adokotala? Ikangosuntha, makinawa sakuuzani kanthu. Magetsi adzipezera njira yawo m'thupimo. Muzindikira munthu atapsa kale, mwina mtima utaima."

"Mayiyu miyezi itatu safika. Mukundimva? Safika!"

Mmisiri anayang'anitsitsa kanyali kobiriwira kaja. Namwino anaganiza kuti mwina lero lokha bamboyu afewa. Anapemphera n'kupemphera komwe.

"Zosatheka," anatero mmisiri, mawu ali pansi kwambiri.

Anatulutsa sitika, anaimata, n'kuitsindika ndi chala mpaka chikhadabo chinayera. Dokotala anavula magolovesi n'kuwaponya m'ndowa. Kuyamba opaleshoniyo ndi manja okha kukanakhala kumupha mayiyo patebulo, ndipo onse ankadziwa zimenezo.

Namwino analephera kupirira. Kuseka kwa mayi uja kunali kudakali m'makutu mwake.

"Mtima wanu ndi wa mawaya inu!" anakalipa. "Munthu akufa pakhomo pomwepa, inu muli pa masitika. Munayamba mwakondapo munthu chibadwire?"

Mmisiri anazimitsa makina. Anakulunga zingwe zake chimodzichimodzi, anatseka kachikwama, n'kutuluka.

Namwino anakalirira pasinki, madzi akutuluka kuti anzake asamve. Chinkamupweteka kwambiri n'chakuti ankadziwa kuti bamboyo sananame. Anaonapo chilonda cha dayathemi pamwendo wa munthu, chakuya mpaka kufupa, chosapola miyezi. Komabe anamuda, ndipo analumbira kuti sadzamupatsanso moni.

Ntchito yowawa inali idakalipo, yokauza abale. Anapukuta m'maso, anakonza kachipewa kake, n'kutuluka kukhonde. Pabenchi panali anthu asanu, aliyense akudikira wake. Anayesa kuganiza kuti mwamuna wa mayiyo ndi uti, ndiponso kuti munthu amayamba ndi mawu ati pouza mnzake zoterezi.

"Amuna awo a mayi a pamachirawa ndi ati?" anafunsa.

Pabenchipo palibe anadzuka.

"Ndili pano," anayankha mawu kumbuyo kwake.

Mmisiri anali atagwada pambali pa machira, kachikwama kali pansi. M'thumba lija la masitika anatulutsamo mphete, ndipo anaikankhira pamzere wotuwa uja.

"Pepani, amake mwana," ananong'oneza. "Ndimati ndikuvekeni mukatuluka."