Tambala Wofiira wa a Kaliwo

Chikhazikitsireni lamulo loti nkhuku isaphedwe chibadwa cha mtundu wake chisanawerengedwe ndi makina, a Kaliwo ankangodandaula kuti owerengawo amachedwa kufika. Choncho tsiku limene mwana wawo Ndaziona analembedwa ntchitoyo, atamaliza maphunziro osanthula zamoyo pa kompyuta, iwo anaitana abale, nanola mpeni, namanga miyendo tambala wawo wofiira.

"Tawerenga msanga, mayi, madzi awira kale."

Ndaziona anazula nthenga imodzi naiika m'kamakina kake. Atayang'anitsitsa, anagwada mwaulemu.

"Bambo, tambalayu ndi wa mtundu wosagwidwa chitopa, umene boma likuufunafuna dera lonse lino kuti liuchulukitse. Ndikalola kuti aphedwe, ntchito yanga yathera pomwepa."

"Ha! Ndiye ndinakuphunzitsa kuti udzandilande ndiwo pamaso pa alendo?"

Mlamu wawo, amene anali atasamba kale m'manja, anapukutira pa thalauza. "Mmasuleni, alamu. Pakhomo pano olembedwa ntchito ndi awiri tsopano: mwana ndi tambala."

Alendo anadyera nkhwani wotendera, tambala akuyendayenda pakati pawo monyadira. A Kaliwo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamuwazira chimanga.

"Idyani, bwana," anatero. "Ife tinazolowera masamba."